Sukulu ya a Namakhwa m'chigafa changa

A Zakeyo Namakhwa anafika kuno ku Wimbe mu 1985, ali pamwamba pa lole imene inkatuta anthu ku Phalombe kuti adzalime fodya m'maesiteti. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, mkazi dzina lake Consolata, khasu limodzi, ndi nsapato zimene sankavala poopa kuti zingathe. Ine Chisale ndinali chiimire m'mbali mwa msewu tsiku limenelo, ndipo ndinaseka nawo pamene anthu aja ankatsika ali mbuu ndi fumbi, akuyankhula Chilomwe chimene ife sitinkachimva. Tinkawatcha obwera. Ena timawatchabe choncho, ngakhale a Namakhwa akhala kuno zaka makumi anayi ndipo mano awo agulukira konkuno.

Utenanti anaugwira zaka khumi ndi zinayi, m'maesiteti atatu. Za zaka zimenezo sakonda kukamba, inenso sindiwakakamiza. Chimene aliyense amadziwa n'chakuti fodya anamudziwa kuposa ife eni dziko. Tsamba amangoligwira kamodzi, kulinunkhiza, basi akuuza mulu woliyika. Esiteti yomaliza itagwa, anzawo ambiri anabwerera kummwera. Iwo anatsala, chifukwa kwawo munda umayendera kuchikazi, ndipo wa kwa a Consolata unali utagawidwa kale pakati pa achemwali awo mpaka aliyense kutsala ndi kachigamba. Malume anga anawapatsa maekala awiri kumalire ndi ine, dothi lamchenga limene palibe ankalifuna. Ndi mmene tinakhalira oyandikana.

M'mphepete mwa munda umenewo, chaka chilichonse, a Consolata ankadzala kalongonda. Mbewu yake anabwera nayo pa lole lija atamanga pa ngodya ya chitenje. Ndi nyemba zikuluzikulu zoyanga m'mapesi ndi m'mitengo, ndipo ife titaziona koyamba tinati anthuwa akuweta chitedze. Alomwe amamukonda kalongonda, koma ali ndi ululu. Akapanda kuphikidwa mokwanira amazunguza mutu.

Sukulu imene ndikukambayi inayamba ndi maliro. Mu 2013 anamwalira tenanti wina, mnzawo wa pa lole lomwe lija. Mayi ake, okalamba zedi, anabwera kuchokera ku Phalombe, ndipo atakhala pansi anayamba kuyankhula ndi zidzukulu zawo. Anawo ankangoyang'anana. Panafunika a Namakhwa kukhala pakati n'kumamasulira zimene gogo akuuza ana a mwana wake. Mawa lake a Namakhwa anabwera kwanga.

"A Chisale, chigafa chanu mu Ogasiti mumagonekamo chiyani?"

"Mbuzi."

"Mbuzizo zisamuke milungu iwiri yokha."

Mu Ogasiti fodya amakhala atapita ku okushoni, chigafa chili chopanda kanthu, ana ali pa tchuthi chachikulu ndipo alibe chochita kupatula kusaka mbewa. Ndinavomera ndikuganiza kuti zitha chaka chomwecho. Kunabwera ana asanu ndi anayi. Chaka chachitatu anakwana makumi awiri, ndipo chaka china anafika 31, ena ochokera ku Kapelula, ena ku Lukwa, onse ana ndi zidzukulu za matenanti. Aliyense ankabwera ndi kathumba ka ufa, mkeka ndi chofunda. Atsikana ankagona kunyumba kwa a Consolata, anyamata m'chigafa chimene tinkachitchinga ndi masaka.

M'mawa a Namakhwa ankaphunzitsa chinenero. Ankayima kutsogolo ndi ndodo ya mkangala, imene timapachikapo fodya, n'kumajambula pansi phiri la Michesi, mitsinje ya kwawo, ndi midzi ya makolo a mwana aliyense. Masana ankagwira ng'oma n'kumawaphunzitsa gule wa tchopa. Munthu wamanyazi uja amene pa msonkhano wa pamudzi sankatsegula pakamwa, m'chigafa changa ankayankhula ngati wailesi. Ine ndinkapita kukaona ngati nsichi zanga zili bwino, ndipo ndinkapezeka ndakhala mpaka dzuwa kupendeka.

Tsiku lomaliza makolo ankabwera, ana ankavina, kenako onse ankadya kalongonda. Imeneyo inali ntchito ya a Consolata. Ankayamba dzulo lake, kuseri kwa nyumba, kumene amuna awo sankapondako. Mphika ukapsa ankadzigawira mbale yoyamba, kudya okha, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango pafupifupi ola lathunthu alendo akudikira. A Namakhwa ankachita nazo manyazi ndipo ankawaseka pagulu.

"Make Vailet ndi adyera. Dikirani akhute kaye."

Mayiwo ankangomwetulira.

Vailet ndi mwana wawo woyamba. Azichimwene ake awiri ali ku Joni. Iye ndi mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale ku boma, anakwatiwa ndi munthu wa ku Lukwa, ndipo ukamufunsa kwawo amati ndi wa ku Kasungu. Ankabwera pa Khirisimasi ndi pa maliro. Pa sukulu ya bambo ake sanapondepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo ndikawafunsa a Namakhwa ankati ndi wotanganidwa. Mu Ogasiti mphunzitsi amatanganidwa ndi chiyani, sindinawafunse.

A Consolata anamwalira mu Febuluwale 2024, mvula ili pakati. Anthu anaganiza kuti sukulu yathera pomwepo, koma a Namakhwa anatumiza uthenga m'midzi kuti ana abwere monga mwa masiku onse. Ndinawamvetsa. Nyumba ija inali itakula kwambiri kwa munthu mmodzi, ndipo milungu iwiri ya Ogasiti ndi imene ankayiyembekezera chaka chonse. Kunabwera ana 24. Amayi awiri a kutchalitchi kwawo anadzipereka kuphika za tsiku ndi tsiku, koma za kalongonda anakana, anati sanaphikepo.

"Ndiye aphika ndani?" ndinafunsa.

"Zaka makumi anayi ndakhala ndikumudya. Ndingalephere kumuphika?"

"Inenso zaka makumi asanu ndi limodzi ndakhala ndikuvala malaya, koma sindisoka."

Sanandimvere. Anawiritsa koyamba, madzi anada bii, anataya. Atsikana anathandiza kusenda makoko. Anawiritsanso, anatayanso. Apo nkhuni zinali zitatsala pang'ono, poti kuno mitengo tinayimaliza kale ndi zigafa. Analawa nyemba imodzi, anapeza yafewa, yosawawa. Ndiye nzeru za fodya zinawabwerera. Anavundikira mphika ndi masaka n'kuusiya.

"Fodya timamuthyola wobiriwira, amakapsa yekha pa mkangala," anandiuza. "Uyunso amalizika yekha pofika mawa."

Ndinagwedeza mutu ngati zomveka. Ndikanadziwa chiyani ine Mchewa.

Mawa lake anangotenthetsa, kuthira mchere ndi tomato. Ana anavina bwino tsiku limenelo, ndipo poti anali ndi njala ndiwo anayamba kugawiridwa. A Namakhwa sanadye, anali kalikiliki kuthokoza makolo, ndipo kuthokoza kwawo sikufupika. Asanamalize, mtsikana wina anadzuka n'kuyamba kudzandira ngati woledzera. Wina anayamba kusanza. Pasanathe theka la ola ana khumi ndi mmodzi anali pansi, ena akubwebweta zosamveka. Tinamanga ng'ombe zanga pa ngolo, ena anawakweza pa njinga zamoto, ulendo wa kuchipatala.

Palibe anamwalira. Patatha masiku awiri onse anali atatuluka. Koma makolo anabwera pa khomo la a Namakhwa, ndipo amene anayankhula ndi mayi Faustina, amene ana awo awiri anali m'gulu la odwalawo. Sanakweze mawu.

"Tinakupatsani ana kuti muwaphunzitse za kwathu. Ngati ichi simukuchidziwa koma munachita ngati mukuchidziwa, nanga zina zimene mwakhala mukuwauza tizikhulupirire bwanji? Anga sabweranso."

Ena anavomereza. Inenso ndinaponyapo langa, ndipo limandichititsabe manyazi. Ndinawauza a Namakhwa kuti chigafa changa ndi cha fodya ndi mbuzi, sindikufuna apolisi pakhomo. Anangoti, "Ndamva, a Chisale."

Patapita sabata mtima unatsika, ndinapita kukawaona. Ndinawapeza akusola kalongonda wa chaka chimenecho, amene a Consolata anadzala asanadwale. Ndinati ngati sukulu akuyifunabe, angosiya za kalongonda, tsiku lomaliza aziphika nyemba wamba, mwina makolo angabweze mtima.

"Ndikaphika nyemba ndiye kuti ndavomera kuti izi zinapita ndi make Vailet kumanda," anatero. "Ndipo mayi Faustina ananena zoona. Ndiphunzire kaye."

Seputembala ndi Okutobala yense anali pa njinga, dzuwa likuswa mtengo, kuzungulira maesiteti kufuna mayi wodziwa kuphika kalongonda. Achitsikana anati anangomva kwa amayi awo. Okalamba ambiri anali atamwalira kapena atabwerera kwawo. Wina anati madzi amatayidwa kanayi, wina anati kasanu ndi kawiri, ndipo onse anakana kuti dzina lawo litchulidwe zikavuta. Pomaliza mayi wina wa ku Kapelula anawafunsa kuti akuzunguliranji, popeza amene ankasonkhezera moto wa a Consolata kuyambira ali wamng'ono ndi Vailet.

Kuchoka pa Wimbe kufika ku boma si ulendo woti munthu n'kukonzekera miyezi, koma iwo anakonzekera miyezi isanu. Kunali nazale, kunali kuwokera, kunali kuthyola, zifukwa sizinkatha. Mu Epulo anandipempha kuti ndiwaperekeze. Munthu wamkulu kufuna mperekezi popita kwa mwana wake wobereka yekha, ndinadziwa kuti pali nkhani.

Tinafika Loweruka m'mawa. Vailet anatilandira bwino, anagwada potipatsa moni, anatipangira tiyi. Bambo ake anayika kathumba ka kalongonda pa tebulo n'kufotokoza chimene tinadzera, maso ali pa kathumbako. Iye anamvetsera mpaka anamaliza.

"Ababa, mukukumbuka ndili sitandade 3, tili pa esiteti ija ya kutsidya kwa dambo?"

Vailet anapitiriza.

"Ndinabwera kuchokera kusukulu ndikulira, anzanga atanditcha Mnguru wodya njoka. Ndinkawafotokozera amayi m'Chilomwe. Inu munasolola ndodo m'chigafa n'kundimenya nayo. Munati m'nyumba muno Chilomwe chatha lero, aliyense aziyankhula Chichewa, kuti tikhoze sukulu, tisadzakhale matenanti. Ndinamvera, ababa. Ndinakhoza. Chilomwe ndinachiiwala chonse monga munafunira. Kenako ndinangomva kwa anthu kuti mwatsegula sukulu yophunzitsa ana a eni zimene munandimenyera ine."

Ana amene ankamutcha mayina aja anali ana athu, ndipo mayinawo ankawamva kwa ife.

"Ndinkaopa, mwanangu," anatero a Namakhwa.

"Ndikudziwa kuti munkaopa. Koma mantha atatha simunabwere kudzandiuza."

Kenako Vailet anatenga kathumba kaja n'kukayeza m'manja.

"Mubwere Loweruka likudzali m'mamawa. Mubwere ndi nkhuni zanu, zambiri. Ine sindigwira mphika. Mugwira ndinu."

Ndinapita nawonso, poti nkhunizo zinali za mtengo wanga ndipo ndinkafuna kuona mapeto ake. Vailet anatulutsa mpando kuseri kwa nyumba, anakhala ndi mulu wa makope a ana ake a sukulu n'kumachonga. A Namakhwa anagwada pa mafuwa, utsi uli m'maso, anthu oyandikana nawo nyumba akusuzumira pa mpanda kuona nkhalamba ikuphika.

"Tayani."

Ankataya.

"Thirani ena. Moto usazime."

Atataya kachitatu anati madzi ayera, nyemba zafewa. Vailet sanadzutse n'komwe mutu. Anati kufewa si kupsa, ndipo kalongonda si fodya woti n'kumuweruza ndi mtundu kapena fungo. Anataya kasanu ndi kamodzi, ndipo pamene anawalola kuthira mchere dzuwa linali litapendeka. Msana wawo unali utakana kuwongoka.

"Tsopano pakulani mbale imodzi, mudye nokha, mukhale ola limodzi. Wina aliyense asalawe."

"Chifukwa?"

"Ndiye kuphika kwake kumeneko. Mutu ukapanda kuzungulira, mugawire anthu. Amayi ankati ngati pali woti agwe, agwe wophika."

A Namakhwa anayang'ana mbale ija. Zaka khumi ndi chimodzi anali akuwatcha akazi awo adyera pamaso pa alendo. Anadya misozi ikugwera m'mbale momwemo, ndipo anakhala pomwepo mpaka ola linakwana. Potsanzikana anamufunsa Vailet ngati angabwere mu Ogasiti kudzauza makolo kuti tsopano akudziwa. Iye anati aona.

A Namakhwa sanadikire. Mu Julaye anaphika okha kawiri kunyumba kwawo. Ulendo wachiwiri ananyamula mphika pa njinga mpaka kwa mayi Faustina, anakhala pa khonde, anadya mbale yathunthu mayiwo akuona, n'kukhala pomwepo ola lonse. Mayiwo sanalawe ndipo sanalonjeze kanthu. Anachita chimodzimodzi m'makomo ena anayi. Anthu ena ankaseka, ankati nkhalambayi yasokonekera ndi umasiye.

Ogasiti wa 2025 atafika, mbuzi ndinazitulutsa ndekha osapemphedwa. A Namakhwa anasesa m'chigafa, anayala zipika zokhalira ana makumi awiri, anavala jekete. Kunabwera ana asanu ndi mmodzi. Mayi Faustina anabwera okha, opanda ana, n'kuyima potero manja ali kumbuyo, amvekere angodutsa. Ndinaona a Namakhwa akuwerenga mitu ija kawiri, ngati ingachuluke. Anali atandiuza kuti akapanda kukwana khumi, chaka chimenecho chikhala chomaliza.

Akuti ayambe, njinga yamoto inaima pa msewu. Anatsika Vailet, atanyamula kathumba ka ufa pamutu, mkeka ndi chofunda m'khwapa. Mayi Faustina anamuchingamira.

"Mwachita bwino kubwera, aphunzitsi. Ndinu muphike?"

"Ayi, ophika alipo, ndinawayesa ndekha ndipo anakhoza. Ine ndabwera kudzalembetsa."

Analowa n'kukhala pa chipika cha kumbuyo, mawondo atafika m'chifuwa. Mayi Faustina anamuyang'ana, anayang'ana a Namakhwa, kenako anatembenuka n'kuyamba kuyenda mofulumira kulowera kwawo. Ndinawafunsa ngati akwiyanso. Anati akukatenga ana, ndipo adzera kwa anzawo awiri.

A Namakhwa anayima kutsogolo n'kupereka moni wa m'mawa m'Chilomwe. Ana asanu ndi mmodzi aja anayankha pamodzi. Vailet sanadziwe choyankha. Bambo ake anadutsa pakati pa zipika, ananjuta patsogolo pake, n'kumuuza mawuwo pang'onopang'ono, iye yekha. Anaphonya, anamuuzanso. Kachitatu anayankha bwino. Vailet anali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri.